Galimoto Imene Inkalimbirana Gasi ndi Mkazi Wanga

Galimoto yanga ndi yaikulu kwa mwana wanga woyamba, ndipo mwanayo imvi zayamba kale kumutuluka. Ndi zija zamakona ngati bokosi, zokoka ndi matayala onse anayi, za mabenchi awiri oyang'anizana kumbuyo. Ndinayenda nayo zaka zambiri ndili mlangizi wa zaulimi, m'minda ya fodya ndi thonje kuzungulira Chipata, ndipo palibe dambo limene inalikana. Chaka chimene ndinapuma pa ntchito, ofesi inaiika pa okushoni pamodzi ndi makabati othyoka ndi njinga zopanda matayala. Anthu ankangoizungulira n'kumaseka. Ine chisoni chinandigwira, ndipo ndinakweza dzanja.

Mkazi wanga anaiona ikulowa pa geti, ikukokedwa ndi thirakitala ya mnzanga. Anaima pakhonde, manja m'chiuno.

"Anzanu akapuma pa ntchito amabwera ndi malata kapena ng'ombe," anatero. "Inu mwabwera ndi wodwala."

Wodwalayo anachira, koma anadzuka ndi ludzu loopsa. Kungopita ku msika n'kubwerera, thanki inkalira ngati chigubu chopanda kanthu. Geji yake inafa kalekale, choncho petulo ndinkamuyeza ndi kansungwi kamene ndinkasunga kuseri kwa mpando. Nthawi iliyonse ndikatsegula wailesi ndinkamva kuti petulo wakweranso, mpaka ndinaleka kumvera nkhani. Galimoto inayamba kumangokhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo nkhuku ina inasankha mpando wa dalaivala kukhala poikira mazira.

Amene ankaisamalira anali makaniko wina wa ku komboni ya Nabvutika, bambo wachisilamu, wamkulu pang'ono kwa ine. Abale awo onse anali ndi masitolo m'tauni, ogulitsa nsalu ndi mapoto, chifukwa atate awo anachokera ku Malawi kalekale ndi malonda omwewo. Iwo okha ndi amene anakana kukhala kuseri kwa kauntala. Ovolosi yawo inali yakuda bii ndi oilo, manja chimodzimodzi, koma kachipewa kawo koyera sindinakaonepo ndi kadontho ngakhale kamodzi. Mpaka lero sindidziwa kuti ankakavala bwanji.

Tsiku lina nditawadandaulira, anagogoda boneti ndi chala n'kunena kuti, "Achimwene, motoka iyi ndi petulo simudzaitha. Tiidyetse gasi."

"Gasi wake uti?"

"Yemwe uja amaphikira amayi."

Ine ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anandiuza kuti ali anyamata anagwirapo ntchito ku Lusaka, yokonza timagalimoto tonyamula katundu m'mafakitale, toyendera gasi, ndipo zitsulo zina anabwera nazo m'sutukesi. Anakhala nayo galimoto yanga milungu itatu, kupatula Lachisanu limene sankagwira sipanala. Nditapita kukaitenga ndinapeza silinda ya gasi itamangidwa ndi malamba kumbuyo, pakati pa mabenchi ndi chitseko. Inali yozondoka, pakamwa pali pansi, kuti gasi azituluka ali madzi. Paipi inadutsa pansi mpaka ku injini, n'kukalowa m'kachitsulo konga mbale ziwiri zovundikirana, kamene iwo ankakatcha regyuleta. Ntchito yake inali yosandutsa madziwo kukhala mpweya, ndipo kankafunda ndi madzi otentha a mu redieta. Pafupi ndi chiwongolero anaikapo swichi: m'mwamba petulo, pansi gasi.

"Muziiyatsa ndi petulo," anandilangiza. "Ikatentha m'pamene muzitsitsa swichi. Ndipo madzi asamathe mu redieta, chifukwa yanuyi imadontha ngati denga la udzu. Muziyenda ndi chigubu."

"Basi?"

"Mukamva fungo, imani, mutsitse anthu, mupake thovu la sopo pa mapaipi. Pamene pafufume, ndi pomwepo."

"Fungo lotani?"

"Mudzalidziwa. Simudzafunsa munthu."

Mlungu woyamba womwewo ndinaphunzira chifukwa chake ankanena za petulo. M'mawa wina ndili pa changu ndinatsitsa swichi injini isanatenthe, ndipo galimoto inaphulika kuti phuu! ngati mfuti ya gogodera. Agalu a mulaini yonse anakuwa mpaka masana. Mayi woyandikana nafe, amene ankaanika zovala, anabwera kudzapepesa maliro ali ndi zopanira m'kamwa. Koma ikatentha inkayenda bwino zedi, yopanda utsi, ndipo ine ndinkadutsa pa malo omwetsera petulo ndikukweza dzanja ngati nduna.

Vuto linachokera m'khitchini. Zinali zaka zija zimene magetsi ankangobwera kudzatilonjera n'kubwereranso, ndipo mkazi wanga anali atagula silinda yakeyake, ya kambaula kopotera pamwamba. Tsiku lina gasi wake anatha nyemba zili pakati pa kupsa. Anatuluka panja, anayang'ana kumwamba, anayang'ana galimoto. Ine ndinali kumunda wa ndiwo kuseri kwa nyumba. Madzulo nditayatsa galimoto n'kutsitsa swichi, inangoti zii. Kutsegula kumbuyo, ndinapeza malamba okha akulendewera. M'khitchini silinda yanga inali itaimirira bwinobwino, mphika wa nyemba uli pamutu pake, pwatapwata.

"Amayi, uyutu ndi gasi wa galimoto."

"Analemba pati?"

"Sanalembe, koma..."

"Nyembazi zikapsa, adye ndani? Galimotoyo?"

Ndinadya nyembazo, ndipo zinali zokoma, chimene chinafooketsa mlandu wanga. Kuyambira tsiku limenelo sipanala yanga yaing'ono inasamukira m'dirowa ya masipuni. Silinda yake itadzazidwa ankaisunga, akuti ndi ya alendo, n'kumaphikira yanga. Choncho silinda yangayo inkachezera m'galimoto n'kumagona m'khitchini, ngati mwamuna wamitala.

Mwezi wa Okutobala chaka chimenecho, apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga, anabwera kudzaonetsa maso kuchipatala. Atakhala nafe milungu iwiri anati asowa nkhuku zawo, tiwaperekeze kwawo ku Chiparamba. Mkulu wina wa mpingo wathu atamva, anapempha kuti akwere nawo, akaone munda wawo kumeneko. Anali bambo waulemu kwambiri, wovala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, wolankhula ngati akuwerenga kalata.

M'mawa wa ulendowo mkazi wanga anaphikira phala pa silinda ija, n'kukaibwezera yekha m'galimoto ine ndikumeta ndevu.

"Mwamanga bwino?" ndinafunsa.

"Kodi ndayamba lero?"

Apongozi sakanakhala pafupi ndi mkamwini, choncho anakwera kumbuyo ndi matumba awo. Mkulu wa mpingo anakhala pa benchi ina, maondo awo atatsala pang'ono kugundana. Ine ndi mkazi wanga tinali kutsogolo. Galimoto zamtunduwu zili ndi tizitseko tiwiri pansi pa galasi lakutsogolo, tolowetsa mphepo, ndipo ife tinali kupuma mpweya wabwino. Koma mawindo akumbuyo anamatirira ndi dzimbiri ndisanapume pa ntchito. Tisanatuluke m'tauni mkuluyo anapempha kuti tiime, agule mazira owiritsa. Anapatsa apongozi, koma iwo anakana mwaulemu. Ndiye anadya okha, atatu, ndi mchere ndi tsabola.

Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, galimoto inayamba kuvina pa mabampu. Patapita kanthawi ndinasuzumira pagalasi, ndipo ndinaona apongozi atakokera chitenje mpaka pamphuno. Ndinati mwina ndi fumbi. Nditasuzumiranso, mkulu wa mpingo anali atatulutsa mpango, akudzikupiza, maso ali kudenga, akung'ung'udza nyimbo ya m'buku. Kachitatu, aliyense anali atatembenukira kwake, wina akuyang'anitsitsa chitseko, wina akuwerenga misomali ya pa benchi.

Potsiriza apongozi anaitana mwana wawo, mawu akutulukira m'chitenje.

"Iwe mwana, uwauze atate a ana aime pang'ono. Mwina alipo wina amene akufuna kukaona kuthengo."

Mkulu uja anakonza kolala ya jekete. "Ine ayi, mayi, ndili bwino kwambiri. Koma ngati mayi afuna kutsika, ife tidikira, palibe chothamangira. Ukalamba umatipeza tonse."

"Ine sindinadye mazira atatu," anayankha apongozi.

Mkazi wanga anatembenuka, n'kuloza mphuno kumbuyoko, ndipo maso ake anatuluka.

"Imani! Atate ake, imani!"

Ndinaponda mabuleki katatu, popeza koyamba ndi kachiwiri amangomva moni. Nditatsegula chitseko chakumbuyo, fungolo linandimenya kumaso ngati dzira lowola limene lakhala padzuwa mlungu wathunthu. Zoonadi sindinafunse munthu. Ndinatseka silinda, ndinatsitsa akuluakulu aja, ndipo tonse tinakaima patali pansi pa mtengo wa masuku.

Tsopano sopo. Ine ndinalibe, mkazi wanga analibe. Apongozi anali naye, wonunkhira, wokutidwa bwino m'pepala, amene mdzukulu wawo anawatumizira kuchokera ku Lusaka, ndipo ankamusungira Khirisimasi. Anamutulutsa pang'onopang'ono ngati akupereka mwana kwa adokotala. Ndinathira madzi a m'chigubu changa m'beseni lawo, ndinatakasa thovu, n'kulipaka pamene paipi imalumikizana ndi silinda. Nditatsegula pang'ono, panafufuma chithovu chachikulu ngati dzungu. Ndinayang'ana mkazi wanga.

"Sipanala yanuyo ndi yakutha," anatero, akuyang'ana mapiri.

Ndinamanga mwamphamvu, thovu linakhala bata. Koma popeza sopo anali atanyowa kale, apongozi anati asapite pachabe. Anasamba m'manja ndi kumaso. Mkulu wa mpingo anasambanso m'manja, kawiri. Madzi otsala mkazi wanga anawakhuthulira pansi m'galimoto, akuti kuchotsa fungo. Ine ndinkaonerera chigubu changa chikutha, koma simungaletse apongozi kusamba.

Tisanakwere, mkuluyo anavula chipewa n'kuwerama pang'ono.

"Mayi, mundikhululukire. Ndinakuganizirani zosayenera."

"Inenso ndinatero, abambo," anayankha apongozi. "Koma mazirawo anali ambiri ndithu."

Chifukwa cha mantha ndinayendera petulo, chitseko chakumbuyo chili chotsegula, chomangidwa ndi chingwe. Koma petulo ndinkangothira wochepa woyatsira, ndipo sanachedwe kutha. Ndinatsitsa swichi, tinabwerera pa gasi, ndipo tinayenda bwino mpaka titayandikira sukulu ina ya pulaimale, mudzi wa apongozi uli patsogolo pang'ono. Pamenepo injini inatsokomola kawiri, inanjenjemera, n'kuzima.

Linali dzuwa la masana, nyenje zikulira moti m'makutu munkachita kuwawa. Ndinatsegula boneti ndikuyembekeza nthunzi. M'malo mwake ndinaona regyuleta ili mbee, yokutidwa ndi madzi oundana, ngati nkhuku yotuluka m'filiji. Ndinaigwira, chala chinamatirira. Mu redieta madzi anali atatsikiratu, ndipo chigubu changa chinkanunkhira sopo wa ku Lusaka, chopanda dontho.

Anthu sanachedwe kufika. Oyamba anali amayi ochokera ku mjigo, kenaka abambo a njinga, kenaka ahedi a pasukulupo, choko chili kukhutu. Bambo wina anagwira kachitsuloko n'kudumphira kumbuyo.

"Yazizira! Motoka yazizira mu Okutobala!"

"Si motoka iyi," anatero wina. "Ndi filiji yoyenda."

Mayi wina wogulitsa thobwa sanataye nthawi. Anatenga mabotolo ake awiri n'kuwagoneka pa regyuleta, nati adzagulitsa ozizira. Ahedi anayamba kufotokozera anthu za madzi osanduka mpweya, akujambula ndi choko pa chitseko changa, ndipo palibe amene ankawamvera kupatula mkulu wa mpingo, amene ankangogwedeza mutu mwaulemu.

Netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu chokha. Ndinakwera ndi manja ndi miyendo n'kuimbira makaniko anga.

"Madzi mu redieta alimo?" anafunsa.

"Analimo."

Ndinawamva akupuma mozama. "Mudzaze redieta. Pa regyuleta muthire madzi ofunda, osati owira. Ndipo achimwene, chonde, moto usayandikire galimotoyo."

Nditatsika pachulu ndinapeza nkhani ya moto itatha kale. Mkazi wanga anali atamasula silinda, ataisenza pamutu, n'kukaiimika pansi pa mtengo wa mango kutsidya kwa msewu. M'chikwama chake munatuluka kambaula kaja, kamene ine sindinadziwe kuti tayenda nako. M'thumba la apongozi munatuluka poto watsopano. Amayi a ku mjigo anapereka madzi, ndipo ine ndinadzaza redieta n'kukaima pafupi ndi poto, ndikudikira kuti afunde.

Atafunda ndinatambasula dzanja.

"Dikirani," anatero mkazi wanga. "Amayi sanamwe kanthu chichokereni kunyumba."

Anathiramo masamba ndi shuga zimene tinagulira apongozi. Ahedi anatumiza uthenga kusukulu, ndipo kunabwera makapu apulasitiki m'ndowa. Mayi wa thobwa uja anavundukula dengu la zitumbuwa. Poto woyamba anathera kwa akuluakulu. Wachiwiri anathera kwa amayi a ku mjigo, chifukwa madziwo anali awo, ndi kwa abambo a njinga, chifukwa analipo. Apongozi anakhala pa thumba la ufa, kapu ili m'manja, akufotokozera anthu za maso awo, ndipo mkulu wa mpingo anapempherera tiyi aliyense payekha. Ine ndinkayendayenda pakati pa mtengo ndi galimoto ngati nkhuku yofuna poikira.

Poto wachitatu anali wanga. Ndinamunyamula mosamala, khamu lonse likunditsatira. Nditafika pa injini ndinapeza madzi oundana aja atasungunuka kalekale okha ndi dzuwa, regyuleta ili youma, ndipo thobwa la mayi uja litayamba kufunda. Ndinaima kanthawi ndi poto m'manja. Kenaka ndinathira madziwo pang'onopang'ono, nkhope ili yolimba ngati dokotala, ndipo anthu anawomba m'manja.

Tinabwezera silinda, ndipo nthawi ino ndinamanga ndekha, apongozi ataperekanso sopo wawo mokwinya nkhope. Koma petulo woyatsira panalibe, ndipo injini inali itazizira. Ndinkadziwa chimene chikubwera. Ndinauza anthu kuti atalikire, koma amene wamwa tiyi wanu amafuna kubweza ulemu, ndipo abambo asanu ndi mmodzi anagwira kumbuyo kuti akankhe. Tinatsetsereka pang'ono, ndinaponya giya yachiwiri, n'kusiya kilachi.

Phuu!

Nditayang'ana pagalasi, msewu unali wopanda munthu. Panangotsala ndowa ikugubuduka, patapata mmodzi, ndi njinga zitagona. Ahedi anali chafufumimba m'ngalande. Mkulu wa mpingo, amene anatsika kuti athandize kukankha, tinawapeza kuseri kwa chulu chija atanjuta, kapu yawo ili m'manja, osataya ngakhale dontho. Apongozi okha ndi amene sanasunthe pa benchi yawo. Anangofunsa mwana wawo ngati tayala laphulika, chifukwa makutu awonso anali atayamba kufooka. Koma injini inali ikulira bwino.

Tinalowa m'mudzi dzuwa litapendeka, ana ndi agalu akutithamangira. Galimoto inafika pabwalo la apongozi, pafupi ndi nkhokwe, ndipo inazima yokha ndisanagwire kiyi. Ndinagwedeza silinda, inali yopepuka ngati chikho. Gasi wina anathawira m'mphuno mwa akuluakulu, wina anathera tiyi wa mudzi wonse.

Mkulu wa mpingo anaona munda wawo mofulumira, n'kubwerera ku Chipata pa thiraki ya thonje, akuti sakufuna kutivutitsanso. Ine ndinagona kwa mlamu wanga, ndipo m'mawa mwake ndinakwera njinga ya hayala mpaka pa tala, silinda yopanda kanthu ili pamiyendo, nditaikumbatira ngati mwana wodwala. Aliyense amene tinakumana naye ankandidziwa kale. "Abambo a tiyi! Lero simuphika?" Galimoto inakhala pabwalo la apongozi masiku atatu, ndipo nditabwerera ndi gasi ndi kabotolo ka petulo, ndinapeza ataanikapo mfutso pa boneti. Anandiuza kudzera mwa mwana wawo kuti ndidikire uume kaye.

Nditafika nayo ku Nabvutika, makaniko anamvetsera nkhani yonse osandidula, akupukuta manja ndi kansanza. Anamata redieta, anasintha paipi, anamasula mawindo akumbuyo ndi oilo ndi nyundo. Ine ndinawapempha chinthu chimodzi: aike unyolo ndi loko pa silinda, kuti nkhani ya m'khitchini ithe.

Patapita masiku awiri ndinapita kukaitenga. Unyolo unalipo, wonenepa bwino, ndi loko wonyezimira wa m'sitolo ya abale awo. Ndinamugwedeza ndi chimwemwe, n'kutambasula dzanja.

"Makiyi?"

"Ali awiri," anatero makaniko, akukonza kachipewa kawo. "Amayi akunyumba kwanu anadutsa dzulo pochokera ku msika, ndawapatsa onse. Akuti mukafuna kuyenda muziwauza kukadali m'mawa."